Mafunso a M'chigafa cha Bambo

Fodya wamuwisi ali ndi fungo limene silichoka msanga m'mphuno. Ndi fungo lowawa, losakanikirana ndi la dothi lonyowa komanso la udzu wa denga umene wakhuta mvula. Mpaka lero ndikadutsa pafupi ndi munda wa fodya nthawi ya dzinja, ndimangopezeka ndikufikisa zala ngati zili ndi utomoni wakuda uja, umene sunkamva sopo koma mchenga wa kudambo. Fungolo likandipeza limabwera ndi mawu a bambo anga akufunsa funso, ndipo pambuyo pake pamabwera kamtima kanga ka nsanje, kamene ndinkayesa kuti ndinakasiya kumudzi.

Kwathu ndi kudera la Mwase, kumene phiri la Kasungu limaoneka ngati lili kumapeto kwa munda wa aliyense. Chigafa cha bambo chinali kuseri kwa nyumba, chachitali, chopanda zipupa, mizati yake ya bulugamu itaima m'mizere. Masamba a pansi akayamba kucha, moyo wathu wonse unkasamukira m'menemo. Akuluakulu ankathyola fodya m'mawa, mame akuwanyowetsa mpaka m'chiuno, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkapeza milu ya masamba ikundidikira pamphasa zakutha. Singano zathu zinali masipoko a njinga osongoledwa pamwala. Unkabaya tsamba pamsempha, kulikankhira kuchingwe, kubaya lina, kukankhanso, mpaka msana kuyamba kuyaka. Achimwene anga a Yohane ndi amene ankakwera kukapachika pamikangala, mitengo yopingasa ya m'mwamba mwa chigafa, ndipo tinkangoona mapazi awo okha akulendewera pakati pa masamba.

Kusoka fodya kumabweretsa tulo. M'zigafa zina ankaimba, mwina ankadya miseche, koma bambo anga ankafunsa mafunso. Sanapite patali ndi sukulu, koma njala yofuna kudziwa zinthu imene anali nayo sindinaionenso mwa munthu wina. Sukulu yawo yeniyeni inali mzere wa feteleza. Zinali zaka za makuponi, ndipo mvula ikayandikira bambo ankapalasa njinga kupita kudepoti, kuponi ili m'thumba la malaya ataikulunga m'pepala la shuga. Kumeneko anthu ankadikira lole masiku ndi masiku, ndipo amuna otopa ankakhala pansi pa mitengo kutsutsana za chilichonse cha pansi pa thambo. Munali aphunzitsi opuma ntchito, madala amene anakumba migodi ku Joni, akuluampingo, ndi ena ongodziwa kukweza mawu. Nthawi zambiri bambo ankabwera pakaliyala pali mbee, koma mutu uli wodzaza. Amayi ankawalandira njinga n'kunena kuti, “Anzanu akubwera ndi feteleza, inu mukubwera ndi Kilimanjaro. Tithira ameneyo m'munda?”

Zonse zimene ankatola kumzereko ankazisunga mpaka nyengo yosoka. Akaona mitu yathu yayamba kuwerama, ankatsokomola, ndipo tinkadziwa kuti funso lili m'njira. Dziko lathu linkatchedwa chiyani kale? Gitala ili ndi nsambo zingati? Mtsinje wa Bua umakathera kuti? Mphoto yake inali imodzi, yoperekedwa tsiku losoka tsamba lomaliza, ndipo ana a masiku ano angaseke atamva kuti inali thumba lopanda kanthu la feteleza. Amayi ankalichapa kudambo, kulidula, kulipinda m'mphepete, kuliika lamba, n'kusokera m'kati pulasitiki yake ija kuti makope asanyowe. Thumba latsopano, loyera, zilembo zake zikuoneka bwino, linkalankhula lokha pasukulu. Ine ndinali nditalitenga zaka zotsatizana, chifukwa wopikisana naye anali achimwene a Yohane, amene funso lililonse ankayankha ali pamwamba kuti “Zomba!” ndipo ankakhoza kamodzi pachaka, bambo akafunsa za likulu lakale.

Bambo ankanditchula kuti aphunzitsi. “Aphunzitsi anga, a Nelesi, tiuzeni,” ankatero, ine n'kumatupa. Koma nzeru zanga zinali za mtundu wina. Sindinkasamala kwenikweni kuti zoona zake n'ziti. Ndinkaloweza yankho limene bambo ankafuna, ndi mawu ake omwewo, ndi popumira pake pomwe. Zinkandikwanira, chifukwa chimene ndinkafuna sichinali Kilimanjaro. Ndinkafuna aime kusoka, andiloze ndi sipoko, auze amayi kuti mwana uyu watengera iwo.

Chaka chimene ndikunenachi makuponi anachepa, ndipo yathu tinagawana ndi banja loyandikana nalo. Matumba awiri amene inatulutsa anathiridwa pamkeka n'kugawidwa ndi mbale, ndipo banja lililonse linatsala ndi thumba limodzi lopanda kanthu. Lathu bambo analipinda bwinobwino n'kulitsomeka kudenga la chigafa, pamwamba pa mzati wapakati. Ndinkaliyang'ana tsiku lililonse ngati langa kale. Ndinali nditaganiza ndi mtundu wa lamba womwe. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, koma ine mwambi umenewu ndinkauyesa wa anthu ena.

Wezi anafika kwathu mvula yoyamba itangogwa. Anali mwana wa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene anakwatiwa ndi munthu wa kuseri kwa Simlemba, wophika zakudya za alendo odzaona nyama zakutchire ku Lifupa. Azakhaliwo anamwalira nyengo yotentha, ndipo bambo pobwera kumaliro anabwera ndi mtsikanayu pakaliyala, zovala zake zili m'kachitenje komanga mfundo. Tinali amsinkhu umodzi. Anthu amati asuweni ndi ochezerana ndi kunyozana mosakwiyitsana, koma msuweni wangayu sankayankha ngakhale ukamuputa. Ankadya mwakachetechete, kusukulu ankakhala kumbuyo, ndipo akalankhula mawu ake ankakwera ndi kutsika mwa Chitumbuka, ana n'kumamuyeserera. Kunena zoona ndinkamukonda nthawi imeneyo. N'kosavuta kukonda munthu amene sakukulanda kanthu.

Zinasintha tsiku lina masana, mvula yowaza ikugwa. M'denga la chigafa munkagona mileme, ndipo umodzi unadzidzimuka achimwene akusuntha mkangala, n'kuzungulira pamwamba pa mitu yathu. Bambo anatsokomola. “Ndi mbalame iti imene imagona chozondoka?” Funso limeneli linali lakale, ndipo ndinaliyankha asanatseke pakamwa. Bambo anali atakweza kale sipoko kuti andiloze pamene mawu aang'ono anatuluka kuseri kwa mulu wa masamba.

“Yayi, asibweni. Mleme si mbalame. Suikira mazira, umabereka n'kuyamwitsa.”

Tonse tinasiya kusoka. Kwathu mwana sankatsutsa munthu wamkulu, makamaka atsibweni ake, ndipo ine ndinaweramitsa mutu kubisa kumwetulira, kudikira kuti mlendoyu aphunzitsidwe mwambo. Bambo anaika singano pansi. Anafunsa kuti wazimva kuti, ndipo Wezi anati anaona yekha kunyumba za antchito ku Lifupa, kamwana katakangamira pachifuwa cha make. Bambo anaseka mpaka kutsokomola zenizeni. Anaomba m'manja n'kuitana amayi kuti abwere adzamve. “Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa! Zaka zonsezi ndakhala ndikunamizidwa kumzere kuja.” Tsiku lomwelo anamupatsa dzina lakuti a Pulofesa, ndipo sindinafunike kuuzidwa kuti pulofesa ndi wamkulu kuposa mphunzitsi.

Kuyambira pamenepo Wezi anatseguka pakamwa, koma m'chigafa mokha, ndiponso poyankha mafunso pokha. Mutu wake unali ngati nkhokwe ya zinthu zimene alendo ankataya pocheza ndi bambo ake kukhitchini. Ankadziwa kuti njovu imakhala ndi bere pafupifupi zaka ziwiri, zimene zinachititsa amayi kunena kuti iwo sadzadandaulanso. Bambo atanena monyadira kuti mawu akuti nsapato anabwera ndi Apwitikizi, iye anawonjezera mbatata, n'kunena kuti mlendo wina wa ku Mozambiki anaseka kwambiri atamva mawu a kwawo m'kamwa mwa wophika. Ankadziwanso kuti fodya yemweyu amene ankatithimbiriritsa zala anachokera kutsidya la nyanja yaikulu, ku Amereka. Bambo ankatenga tsamba n'kuliyang'ana ngati aliona koyamba. Ine ndinkabaya masamba mwaukali mpaka ena kung'ambika, amayi n'kunditsina pantchafu.

Chimene chinandiwawa koposa chinali cha mphezi. Linali funso langa lokondedwa: n'chifukwa chiyani timaona mphezi tisanamve bingu? Yankho la kumzere linali lakuti maso ali kutsogolo, makutu ali kumbuyo, ndipo ndinkalinena mokoma moti anthu ankaseka. Chaka chimenecho ndinalinenanso, koma bambo sanaseke. Anatembenukira kwa Wezi. Iye anati kuwala kumathamanga kuposa mawu, ndipo munthu akamadula mtengo patali umaona nkhwangwa ikugwa usanamve kulira kwake. Bambo, amene sankalola munthu kusiya fodya pansi ngakhale kuti akamwe madzi, anaimitsa ntchito yonse. Anatuma achimwene a Yohane kutsidya la dambo ndi nkhwangwa, ife tonse titaima m'mphepete mwa munda. Nkhwangwa inagwa pachitsa mwakachetechete, ndipo phokoso lake linatipeza pambuyo. Bambo anakuwa kuti amenyenso, ndipo anamenyanso, bambo akudumpha ngati mwana, dzanja lawo lili paphewa la Wezi. Ine sindinaone nkhwangwa. Ndinkangoona dzanja limenelo.

Ndinaganiza kuti ngati njira ya kumtima kwa bambo ndi kuwatsutsa, nanenso ndiwatsutsa. Mwayi unabwera atanena kuti mtsinje wa Nailo umayenda kulowera kumpoto. Ndinali nditaona mapu pakhoma la kalasi, kumpoto kuli kumwamba, ndipo ndinadzuka ndi mphamvu zanga zonse. “Iyayi, bambo, akunamizani. Madzi sakwera mtunda.” Achimwene anaseka pamwamba mpaka zinyalala za denga kutigwera m'maso. Bambo anandifotokozera mofatsa kuti kumwamba kwa pepala si kumwamba kwa dziko, koma kufatsa kwawoko kunandipweteka kuposa kuseka kwa achimwene. Wezi sanaseke, ndipo ndinamuda chifukwa cha zimenezonso.

Sikuti ndinkangogonja. Ndinayamba kutsalira kusukulu kufunsa aphunzitsi mayina a malikulu a maiko, ndipo ndinkawaloweza potunga madzi, chidebe chili pamutu. Za kwathu kuno Wezi sankandipeza. Bambo atafunsa chimene chimachititsa badza, chipanda chija amaimbiramo ovina mganda, kulira mwanthetemya, ndinayankha kuti ndi kachikopa koyera kamene kangaude amafunditsa mazira ake, komata pakabowo. Ndinkadziwa nyimbo za chimtali, miyezi imene inswa zimatuluka, ndi mitengo imene chiswe sichidya. Masiku amenewo sipoko inkalozanso kwa ine, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndikuimba. Pofika nthawi yothyola masamba a pakati, palibe amene akananena kuti thumba lija lipita kwa yani.

Ndi nthawi imeneyo pamene bambo anayambitsa mafunso a mtundu wina, osachokera kumzere. Munthu akachoka ku Simlemba m'mawa kulowera kumsewu wa tala, dzuwa limakhala kuti? Akafika patala n'kukhotera ku Boma, limakhala kudzanja liti? Ndi mtsinje uti waukulu umene awoloke asanayambe kuona phiri la Kasungu? Mafunso amenewa ankabwera tsiku lililonse, omwewo omwewo, nthawi zina kuyambira kumapeto. Wezi akaphonya, bambo sankatembenukira kwa ine monga mwa lamulo la masewerawo. Ankamuuza yankho, n'kumuuza kuti abwereze. Ine njira ya ku Simlemba ndinali ndisanaipondepo, ndipo ndinaona poyera kuti uku kunali kukondera. Inali ngati mpira umene woimbira ndi bambo wake wa goloboyi.

Ndinakadandaula kwa amayi tikusenda maungu kuseri kwa khitchini. Ndinalankhula zambiri, misozi ikutsika, mpaka ndinanena kuti mwina ine ndi amene ndinatoledwa kumaliro. Amayi sanandikalipire monga ndinkayembekezera. Anapitiriza kusenda, n'kungoti, “Mlendo ndi mame, mwanawe.” Ndinayankha kuti mame amenewa achedwa kukamuka. Apo ndiye anandiyang'ana nthawi yaitali, diso limene sindinalimvetse, n'kundituma kukatenga nkhuni.

Tsiku losoka masamba omaliza linafika mvula itayamba kutalikirana. Chigafa chinali chitadzaza mpaka pakhomo, fodya woyamba uja atasanduka wofiirira, fungo lake litasintha kukhala lonunkhira ngati uchi wopserera. Amayi anawotcha chimanga chachiwisi, ndipo tinkadya ndi zala zowawa. Bambo anatsitsa thumba lija, kulikutumula fumbi ndi ndowe za mileme, n'kuliyala pamaondo pawo. Ndinali nditakonzekera malikulu, mitsinje, mapiri ndi nsambo za zoimbira zonse zimene ndinazimvapo. Bambo anatsokomola, koma sanayang'ane aliyense wa ife.

“Funso ndi limodzi. Munthu ali yekha, wachokera kuseri kwa Simlemba, akufuna kufika m'chigafa muno. Andiyendetse, osadumpha kanthu.”

Ndinatsegula pakamwa, chifukwa zidutswa zake ndinali nditazimva kambirimbiri, koma zinasokonekera m'mutu mwanga ngati ulusi. Wezi anayamba pang'onopang'ono, maso ali pansi. Dzuwa likhale kumsana mpaka patala. Ukakhota, likhale kumanzere. Uwoloke Dwangwa pamlatho, uyende mpaka phiri lionekere kutsogolo. Pa Boma usalowe mumsika, utsate msewu wa fumbi wodutsa pachigayo cha denga lofiira. Udutse dambo la milaza, tchalitchi uchisiye kumanja, ukafika pamkuyu wong'ambika ndi mphezi ufunse kwa atsibweni ake a Wezi. Atamaliza, bambo anaimirira. Kenako anamupatsa thumba ndi manja awiri, ngati akupereka kwa munthu wamkulu, n'kutuluka kupita kumunda kumene kunalibenso tsamba loti athyole.

Ndinalira kuseri kwa nkhokwe mpaka kumutu kundipweteka. Masiku otsatira ndinkakhala pakhonde kuonerera amayi akusoka chikwama chimene chinayenera kukhala changa, ndipo ndinapeza pokhalira mtima pansi nditaona kuti akuchilakwitsa. Sanadule thumbalo pakati monga ankachitira ndi langa. Analisiya lalitali, kulimbitsa pansi pake kawiri, kuika malamba awiri ndi chingwe chomangira kukamwa. Ndinauza Wezi kuti pasukulu adzamuseka, chifukwa chimenecho si chikwama cha makope koma cha munthu wopita kuchigayo. Anangochiyang'ana n'kunena kuti, “Enya, n'chachikulu.” Ndinapita kusukulu ndi thumba langa la chaka chatha, lakuda m'makona, zilembo zitafufutika, ndipo ndinkayenda patsogolo kuti ndisaone loyera lija.

Thumba loyeralo Wezi analinyamula kupita nalo kusukulu masabata ochepa chabe. Tili mkati mosankha fodya ndi kumanga ndindi, timitolo take tija, kunafika amuna awiri panjinga Loweruka lina m'mawa: bambo ake a Wezi ndi mkulu wawo, wa chipewa ndi jekete. Anakhala ndi bambo pansi pa mtengo wa mango nthawi yaitali, akulankhula motsitsa, Chichewa ndi Chitumbuka zikusinthana. Panalibe kukangana. Ndinatumidwa kukapereka madzi, ndipo ndinamva mkulu uja akuti, “Tinapangana kuti mukakolola, asibweni. Ife sitinaphwanye.” Bambo ankangogwedeza mutu, akufikisa utomoni wa m'zala zawo.

M'nyumba amayi anali akupinda zovala za Wezi. Zonse zinalowa m'thumba lija: madiresi, makope, nsapato za kutchalitchi, kachitenje kamene anabwera nako, ndi mtedza wa m'njira pamwamba. Linakwana ndendende, ndipo chingwe cha kukamwa chinamangika bwino. Analimangirira pakaliyala ya njinga imodzi, Wezi n'kukwera pa inayo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti yewo. Bambo anawaperekeza mpaka pamkuyu, ndipo ine ndinaima pakhomo la chigafa kuonerera kadontho koyera kakugwedezeka m'njira ya kudambo mpaka kuzimirira. Ndinganame nditati ndinalirira msuweni wanga. Chimene chinali mumtima mwanga chinali chakuti thumba langa likupita ku Simlemba.

Ndinkayembekeza kuti zinthu zibwerera mwakale, ine ndi achimwene ndi Zomba wawo. Koma nyengo yonse yodinda mabelo bambo sanatsokomole. Chaka chotsatira mafunso anabwerera, ndinatenganso thumba, ndinatchedwanso aphunzitsi, koma zinali ngati ndiwo zopanda mchere. Nthawi zina ndikapereka yankho lawo lomwe, ankayang'ana kumulu wa masamba kuja ngati akudikira wina anene kuti yayi.

Zimene zinkachitika ndinazimvetsa nditakula, pang'ono ndi pang'ono. Kwa ife Achewa, ana a mlongo ndi mbumba ya mwamuna, ndipo bambo ankaona Wezi ngati mwana amene mlongo wawo anawasiyira m'manja. Koma azakhali anakwatiwa kumene ng'ombe zimaperekedwa, ndipo kumeneko mwana ndi wa kwa bambo ake. Pamaliro paja miyambo iwiriyi inakumana, ndipo bambo anga anapempha mwana n'kupatsidwa nyengo imodzi yokha, mpaka kukolola. Bambo ndi amayi ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Bambo analibe ng'ombe zobweza, analibenso mawu m'mudzi wa eni. Anali ndi mafunso okha, ndipo anawagwiritsa ntchito kulemba njira m'mutu mwa mwanayo, poti m'mutu ndi mokhamo mmene munthu sakanamulanda.

Wezi anabwera patapita zaka, ine ndili kusekondale, pa tchuthi cha Pasaka. Tinali m'chigafa chomwecho tikusoka masamba a pamwamba pamene mthunzi unatseka pakhomo. Anali atatalika, fumbi lili mpaka m'maondo, ali yekha. Chinthu choyamba chimene ndinayang'ana chinali kumsana kwake, koma thumba lija linali litatha kalekale, ananyamula kajumbo chabe. Sananene kuti odi. Bambo anamuyang'ana, singano ili m'manja. Kenako anatsokomola.

“Dzuwa linali kuti?”

“Kumanzere, asibweni.”

Ndinali ndisanawaonepo bambo anga akulira, ngakhale pamaliro. Amayi analulutira, achimwene anatsika pamikangala ngati nyani, ndipo nanenso ndinamukumbatira msuweni wanga ndi mtima wonse. Koma sindibisa, pansi pa chimwemwecho kamtima kaja kanatukula mutu, kuona mmene bambo anamugwirira paphewa.

Ndili mwana ndinkati bambo anandilanda thumba n'kupatsa mlendo chifukwa anapeza wanzeru kuposa ine. Tsopano ndikudziwa kuti thumbalo silinali mphoto chaka chimenecho, linali katundu wa paulendo, ndipo ine sanandiphunzitse njira yobwerera kwathu chifukwa sankaganiza kuti ndidzachoka. Koma ndinachoka, ndipo mwa ana onse a m'chigafa chija ndine amene ndinapita kutali ndi kubwerako mwa apo ndi apo. Bambo anamwalira, chigafa chinagwa, pamalo pake achimwene anadzala soya. Ndikatsika basi pa Boma n'kuyamba msewu wa fumbi, ndimapezeka ndikutchula chamumtima: chigayo, dambo la milaza, tchalitchi kumanja, mkuyu. Yankho ndinaliloweza lonse, ndi popumira pake pomwe, ndipo ndikanakonda akanandifunsako nanenso ngakhale kamodzi.